Zitseko Zisanu

Lolemba, 21 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Uthenga unandipeza ndili pa msonkhano. Munandifunsa pa foni kuti ndinali kuti, ine n'kungoti kuntchito, ndiye lero ndikuuzeni bwinobwino. Tinali aphunzitsi asanu m'kachipinda kopanda zenera ka pafupi ndi laibulale, tikukangana za tsiku loti tidzakumanenso. Pakati pa tebulo panali mulu wa mapepala a ophunzira, kapu yanga ya tiyi ili pamwamba pake. Foni inanjenjemera m'chikwama kawiri, ndinaisiya. Kachitatu ndinasuzumira n'kuona kuti ndi aneba a amayi, aja ogulitsa mazira. Ndinatuluka panja. Sanandipatse ndi moni womwe. Anangoti, "Mwananga, bwera msanga. Amayi ako agwa ku bafa, sakuyankha." Ndikukumbukira kuti ndinabwerera m'chipinda muja kukapepesa kuti ndichoka msonkhano usanathe. Mpaka lero sindimvetsa kuti ulemu umenewo unali wa chiyani.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Magazi anatayikira m'mutu, anagona masiku awiri m'chipatala osatsegula maso, ndipo Lachisanu m'mawa anatisiya. Mapepala anu oyendera sanatuluke nthawi yake, moti munaperekeza amayi kudzera pa foni yomwe mlamu wanu anaigwira m'mwamba mpaka mkono kuchita dzanzi. Madzulo ake munandifunsa kuti, "Kodi panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kuti china chake chalakwika?" Tsiku limenelo ndinalibedi yankho. Koma mutafunsanso sabata yatha ndinati foni ikudukaduka. Sinkadukaduka ayi, ndinkakumvani bwino lomwe. Chimene ndakhala ndikulimbana nacho ndi choti ndikuyankheni zonse kapena theka. Amayi, ndi zaka zawo makumi atatu za ku positi ofesi, ankati mawu olemera safuna foni, amafuna envulopu. Ndiye ndatenga pepala.

Mwina mukukumbukira maphunziro aja ndinkakusokosani nawo chaka chatha. Kwa zaka zambiri yunivesite yathu yakhala ikuphunzitsa anamwino paokha, madokotala paokha, a zamankhwala paokha, a fiziyo, ophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, paokha, nafe a zachisamaliro cha anthu patokha, kenako n'kumadabwa kuti anthu amenewa akakumana pa bedi la wodwala sadziwana ndi mayina omwe. Ine ndinali mmodzi mwa amene anakakamira kuti tiziwasakaniza akadali pasukulu. Tinapanga magulu a anthu asanuasanu, mmodzi kuchokera ku nthambi iliyonse, ndipo gulu lililonse tinalipatsa munthu weniweni wa matenda okhalitsa woti lizikamuchezera kwawo Lachitatu masana, kwa milungu isanu ndi itatu. Pamapeto pake lilembe lipoti. Pakhomo la holo tinapachika chinsalu chachikulu cholembedwa kuti mutu umodzi susenza denga. Mawu amenewo ndinasankha ndine.

Odwala odzipereka ndiwo ankasowa. Loweruka lina ndikudandaula zimenezi kunyumba, amayi anaika supuni yawo ya shuga pansi n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati, "Nanga ine ndine chiyani? Mtima wodumphadumpha ndili nawo, mawondo ndi awa, nthawi ndiye yosowa kotayira. Ndipatse anawo ndiwaphunzitse." Ndinakana, anandiseka, ndipo mukudziwa kuti amayi akayamba kuseka munthu nkhani yatha. Malamulo ankalola wachibale wa mphunzitsi kulowa nawo, bola mphunzitsiyo atalikire. Choncho ndinalembera ku ofesi kuti asandiuze gulu lomwe apatsidwa amayi, ndiponso asauze ophunzira kuti ndi mayi anga. M'malipoti odwala satchulidwa mayina, timangolemba nambala ya gulu. Ine kuntchito ndimadziwika ndi dzina la mlamu wanu. Zonse zinali m'malo mwake, ndipo ndinkadziona wachilungamo kwabasi.

Amayi chinsinsi chimenechi chinawakomera ngati mwana wobisa switi. Mukuchikumbukira chithunzi changa cha tsiku lomaliza maphunziro, chija chopachikidwa pamwamba pa wailesi? Lachitatu lililonse ankakwera pampando n'kuchitsitsa, n'kukachibisa m'dilowa ya nsalu za patebulo, ati ana angaume pakamwa ataona nkhope ya madamu awo. Alendo akapita ankachibwezera pa msomali pake. Ndikafika Loweruka ankafuna kundifotokozera zonse, ine n'kumati, amayi musandiuze, sindiloledwa kudziwa. Ndiye anawapatsa mayina awoawo kuti lamulo langa lisasweke. Mnyamata wa fiziyo anali Sajeni, chifukwa cha "imani, khalani, imaninso" wake. Wophunzira udokotala anali Adokotala, ati amamwa tiyi kachipangizo komvera mtima kali m'khosi ngati angakabe wina. Namwino anali Sisitala, womaliza sopo m'nyumba ndi kusamba m'manja. Wa nthambi yanga anali Mtolankhani, ati amafunsa mpaka zimene unalota. Ndipo mtsikana wa zamankhwala anali Kachetechete, amene ankangokhala pakona n'kumatembenuza mabotolo, kuwerenga tizilembo tating'ono tomwe wina aliyense sawerenga.

Achimwene, miyezi imeneyo amayi anatsitsimuka. Lachitatu ankavala ndolo. Anatulutsa makapu aja a maluwa omwe ife sitinkaloledwa kuwakhudza. Ankati mawondo asiya kuvuta chibwerereni phukusi lanu la mu Julaye, moti tsiku lina anamusiya Sajeni m'mbuyo pa masitepe a kutchalitchi, mnyamata akupuma wefuwefu. Ndinkamva zonsezi ndi khutu limodzi, cholembera chofiira chili m'manja, pakuti Loweruka lililonse ndinkapita ndi mapepala ochonga. Ndinkakhala patebulo, iwo pampando wawo wa pazenera, ndipo ndinkati kumeneko ndiye kucheza.

Tsopano ndifike pomwe ndakhala ndikuzungulira. Patatsala milungu itatu kuti amayi agwe, Lachinayi m'mawa, munthu anagogoda pa ofesi yanga. Anali mtsikana wamtali, wovala chikhoti choyera cha a zamankhwala, atakumbatira faelo pachifuwa. Sindinkamudziwa. Ophunzira ndi mazana awiri, ine ndimadziwa anga okha. Anapepesa, n'kunena kuti ndi wa gulu la nambala 14, ndipo mayi amene amakawachezera akumwa mankhwala awiri osayenera kuphatikizana: ena a kuchipatala oti magazi asamaundane, ena opha ululu omwe akakumana ndi oyambawo munthu amatha kutaya magazi m'kati osadziwa. Anati anakambirana onse asanu ndipo aliyense waonapo kanthu kena komwe sikakumusangalatsa.

Ndinali ndi kalasi pakangotha mphindi khumi. Ndinamufunsa ngati wawauza aphunzitsi ake a zamankhwala. Anati ali kunja ku msonkhano, abwera pakatha milungu iwiri. Aphunzitsi a udokotala anawapeza ali ku opaleshoni, ndipo mlembi wawo anati asiye uthenga. Aphunzitsi a unamwino anamumvetsera bwino, koma anati mawu pa mankhwala ndi a dokotala. A fiziyo anamuyamikira kuti ali ndi diso lakuthwa, alembe mu lipoti. Anamaliza ndi kuti, "Ndiye mwatsala inu, madamu."

Ndikulemberani zimene ndinayankha monga ndinazinenera, chifukwa zakhala zikundibwerera tsiku ndi tsiku. Ndinati, "Mwachita bwino kwambiri kuona zimenezi. Koma za mankhwala ine ndingakunamizeni, si gawo langa. Mulembe pa tsamba loyamba la lipoti lanu, tikakumana tonse asanu tikaziona." Iye anafunsa kuti pakadali pano achite chiyani. Ndinali nditanyamula kale mabuku. Ndinati, "Muwauze mayiwo auze achibale awo."

Mufunsa ngati sizinandidutse m'mutu kuti mwina ndi amayi. Zinadutsa ngati ntchentche, n'kupita. Odwala analipo makumi anayi, ndipo mankhwala a amayi ndinkakawatengera ndekha kuchipatala mwezi ndi mwezi, n'kuwaika m'chitini cha pamwamba pa fuliji. Ndinkati ndikuwadziwa onse. Komanso musaganize kuti ndinayankha mwa ulesi chabe. Ndinayankha zimene ndimaphunzitsa. Phunziro loyamba la maphunziro athu ndi loti uzilemekeza malire a ntchito ya mnzako, usamalowe m'munda wa eni. Tinkaopa kuti madokotala azipondereza anamwino, anamwino azinyoza a chisamaliro, ndiye tinawaphunzitsa ulemu. Tsiku limenelo aphunzitsi anayi, aliyense ndi ulemu wake, anamutsekera mwana uja chitseko mofatsa, chachisanu n'kuchipeza chokhoma.

Lipoti lathu lili ndi masamba asanu ndi limodzi. Asanu ndi a wophunzira aliyense payekha, ndipo a ku ofesi amawamasula n'kutumiza tsamba lililonse ku nthambi yake. Tsamba loyamba ndilo la gulu lonse, pomwe amaphatikiza zimene aona, ndipo tinagwirizana kuti limeneli tizichonga tili pamodzi asanu tonse, poti ndilo mtima wa maphunzirowo. Koma kukumanitsa aphunzitsi asanu a nthambi zisanu ndi ntchito. Uyu ali kuchipatala, uyu akuyesa mayeso, uyu Lachiwiri sapezeka. Msonkhano unalephereka katatu. Tsiku lomwe tinakumana, lija foni inanjenjemera, ola lathunthu linathera pa kukangana kuti malikisi a tsamba limeneli aziwerengedwa ku nthambi iti, mpaka tinati tipeze tsiku lina. Palibe anatsegula mulu uja. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Amayi athu anali ndi asanu.

Zonsezi sindinkazidziwa pa tsiku la maliro. Ndinazidziwa Lachitatu lotsatira. Ndinali kunyumba kwa amayi ndikupinda zovala zawo, nthawi ili cha m'ma thuu koloko, pamene ndinamva kugogoda ndi kuseka pakhomo. Nditatsegula ndinapeza achinyamata asanu, mmodzi atanyamula keke m'bokosi, wina khadi lalikulu. Ulendo wawo wotsazika unachedwa chifukwa cha milungu iwiri ya mayeso, ndipo palibe amene anawauza kanthu, pakuti kuuza ophunzira kuti wodwala wawo wamwalira sikunalembedwe pa ntchito ya munthu aliyense. Mtsikana wa kalasi langa, amene ndinazindikira pomwepo kuti ndiye Mtolankhani, anatong'ola maso n'kunena kuti, "Madamu? Mwabwera kudzatiyesa?"

Ndinati, "Ayi. Muno ndi kwathu."

Sajeni, keke ili m'manja, anasuzumira kumbuyo kwanga n'kufunsa ngati amayi agona. Sindikumbukira mawu amene ndinawauzira. Ndikukumbukira kuti Sisitala anakhala pansi pa sitepe pomwepo, ndipo Adokotala anavula kachipangizo kake m'khosi n'kukapinda, kukaika m'thumba. Kumbuyo kwa onse kunali mtsikana wamtali uja. Sanalire. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndinabwera kwa inu, madamu." Sanazinene mokwiya. Anazinena ngati munthu wofuna kutsimikiza kuti sanalote. Ndinati ndikudziwa.

Ndinawalowetsa. Ndinati ndiwapangire tiyi, koma anali iwo ondiuza pomwe pali makapu a maluwa ndi supuni zing'onozing'ono. Sajeni anakoka mpando wa pazenera kuti akhale, n'kuusiya, n'kukhala pa mkono wa sofa. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kufotokoza. Ati atachoka pa ofesi yanga anachitadi zimene ndinawauza. Lachitatu lotsatira anawakhazika amayi pansi, onse asanu, n'kuwapempha kuti mapiritsi opha ululuwo ayambe awasiya mpaka aonane ndi dokotala, komanso auze mwana wawo. Amayi anaseka, ati ana a masiku ano mantha, munthu wayamba kuyenda bwino inu mukufuna kumubwezera pa ndodo. Atawakakamiza anavomera ndi pakamwa, n'kunena kuti mwana wawo wamkazi amuuza Loweruka, ndi munthu wophunzira, adziwa chochita. Loweruka limenelo ndinapita, achimwene. Ndinali ndi mapepala makumi asanu ndi limodzi. Anandipangira tiyi, anandifunsa ngati ndikudya mokwanira, ndipo nditanyamuka anandiuza kuti ndisamadzipanikize.

M'nyumbamo Kachetechete, mtsikana wamtali uja, analankhula kamodzi kokha. Anati bokosi la mapiritsiwo analigwira m'manja mwake, ndipo anaganiza zoliponya m'chikwama n'kumapita nalo. Koma lamulo lathu limati wophunzira sasintha, sachotsa, salanda mankhwala a wodwala, amauza mphunzitsi. Ali chigwirire, amayi analitenga m'manja mwake mwaulemu n'kunena kuti, "Awa usawakhudze, mwanawe, anachokera kutali." Ndiye anandifunsa kuti, "Ndikanawalanda, madamu?" Lamulo limenelo ndinalemba nawo ineyo, ndipo ndi lamulo labwino, lateteza anthu ambiri kwa ophunzira odzimva. Ndawerenga mabuku ambiri m'moyo mwanga, ena a anthu olira, ena a anthu ophunzitsa kutonthoza olira, koma palibe ndi limodzi lomwe linabwera kudzandithandiza pa sofa paja.

Mtolankhani anati keke isadulidwe pa tebulo lopanda nsalu, amayi sakanalola. Anatsegula dilowa, n'kutulutsa chithunzi changa. Tonse tinayang'ana kukhoma. Pamwamba pa wailesi panali msomali wokha. Amayi anachitsitsa pa ulendo womaliza wa anawo ndipo sanachibwezerenso, ndikhulupirira chifukwa kukwera pampando kunayamba kuwachititsa chizungulire. Ine ndinakhala pansi pa msomali umenewo ma Loweruka awiri, maola anayi anayi, osatukula mutu.

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi kukatenga tsamba loyamba la gulu la nambala 14. Mulu unali pomwe tinausiya. Bwalo la kapu yanga linali pa tsamba la gulu lina, lawo linali m'kati, lachisanu ndi chiwiri kuchokera pamwamba. Analemba ndi cholembera chofiira, ngakhale timawaletsa poti chofiira ndi cha aphunzitsi. Sajeni analemba kuti mayiwa amachita chizungulire akaimirira, ndipo anawaona akugwira khoma kawiri. Sisitala analemba za mikwingwirima pamikono ndi pantchafu, yomwe mwini wake ankati anagunda chitseko. Adokotala anaona magazi m'nkhama ndi kuyera kwa m'maso. Kachetechete anatchula mankhwala awiriwo ndi zimene amachita akakumana. Aliyense payekha anali ndi kanthu kakang'ono koti munthu angakanyalanyaze, koma pa tsamba limodzi ngakhale ine wosadziwa za mankhwala ndinaona chimene chinkabwera. Ndime ya Mtolankhani ndikukopererani yonse: "Amakhala okha. Mwana wamkazi amabwera Loweruka lililonse ndipo amawakonda, koma amabwera ndi ntchito, choncho mayiwa safuna kumuwonjezera katundu. Mwana wamwamuna ali kunja, ndipo chilichonse chochokera kwa iye amachisunga ngati chopatulika." Pansi penipeni onse asanu anasaina pa mzere umodzi woti, "Tikupempha kuti wina awerenge tsamba lino sabata ino."

Ana aja anachita zonse zimene tinawaphunzitsa. Anamverana, anaphatikiza zimene anaona, anagogoda. Ife owaphunzitsa ndi amene sitinaphunzirepo phunziro lathu lomwe. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti mwa anzanga anayi aja, nambala ya foni ndinali nayo ya mmodzi yekha.

Nkhani itamveka, msonkhano wa asanu unatheka pasanathe masiku awiri. Ndandanda zonse zinagwirizana mwadzidzidzi. Aliyense anandigwira dzanja, ndipo ndikhulupirira kuti chisoni chawo chinali chenicheni. Aphunzitsi a unamwino analira kuposa ine. Aphunzitsi a udokotala, munthu wofatsa amene sanaone uthenga uja mpaka tsiku limenelo, anandiuza kuti sitingatsimikize, okalamba amagwa, ndipo munthu womwa mankhwala a magazi akagunda mutu zimatha kutero ngakhale popanda china chilichonse. Mwina ankanena zoona, mwina ankandipatsa ndodo yoti nditsamire. Kenako tinayamba kukambirana zoti pakhale foni imodzi yomwe ophunzira aziimba pakakhala zachangu. Funso linali loti aziisunga ndani. A zamankhwala anati nkhani zambiri sizikhala za mankhwala, a fiziyo anati iwo ndi ochepa kale. Panasankhidwa komiti. Akulu a sukulu anandiitana paokha kundifunsa ngati ndikufuna kuti maphunzirowa aimitsidwe, ati mawu anga alemera. Ndikati aime, ndiye kuti ana ena sadzakhalanso pansi asanu n'kuona zimene awa anaona. Ndikati apitirire, ndimaona mtsikana uja ataima pakhomo panga ndi faelo yake. Iyeyo sanabwerenso m'kalasi chichokereni kunyumba kuja. Ndamulembera kawiri, sanayankhe, ndipo sindimuimba mlandu.

Kalata ino ndailemba katatu, achimwene. M'makalata awiri oyambawo bokosi lija linalibe kochokera. Mlamu wanu akuti ndikusiyeni, madzi akatayika saoleka, ndipo munthu ali yekha kutali ukamusenzetsa zotere upindulanji. Ndinatsala pang'ono kumumvera. Koma ndikayang'ana m'mbuyo ndikuona kuti pa nkhani yonseyi panalibe munthu wankhanza. Amayi anandibisira pondimvera chisoni. Ine ndinadzibisira ndekha nambala ya gulu pofuna chilungamo. Aliyense anasunga kagawo kake mwaulemu. Mwafunsa kawiri, ndipo sindingathe kukhalanso chitseko china.

Mapiritsi opha ululu aja ndi a mawondo, amene munaika m'phukusi la mu Julaye pamodzi ndi juzi ndi nsapato zofewa.

Musaime pamenepo, werengani mpaka pansi. Mapiritsi amenewo amagulitsidwa paliponse popanda kalata ya dokotala, ndipo anthu osawerengeka amamwa n'kumayenda bwinobwino. Inu simunkadziwa kuti amayi anayamba mankhwala a magazi mu Malichi, chifukwa ine sindinakuuzeni. Ndinati muli ndi zanu zokwanira kumeneko, ndingakudetseni nkhawa ndi zinthu zomwe simungachitepo kanthu. Ndipo bokosilo ndinaliona tsiku lomwe phukusi linafika, amayi akulionetsa kwa aneba. M'maso mwanga sanali mankhwala, inali mphatso ya achimwene. Silinalowe m'chitini cha pa fuliji, ankalisunga m'chikwama chawo cha kutchalitchi, pamodzi ndi kakalata kanu kaja munalemba kuti amayi ayende. Ndipo anayendadi. Aneba akuti mu Ogasiti anayenda wapansi mpaka ku positi ofesi yawo yakale kukaona ngati kauntala yawo idakalipo, n'kubwerako akudandaula kuti atsikana a masiku ano sadziwa kumata sitampa mowongoka. Zaka zinayi anali asanafikeko. Sindidziwa kuti zimenezi ndiziyeze pa sikelo yanji, ndipo sindikuuzani kuti zikufanana ndi zimene tataya. Ndangoti muzidziwe zonse, izi ndi izo.

Ndili ndi zopempha zochepa. Kalata ino musaisunge nokha, muwapatse alamu anga awerenge, kuti pakhale wina m'nyumbamo wodziwa chifukwa chake mwakhala chete. Ngati mukwiye, kwiyirani ine, ndili ndi malo ake, ndipo ndingakonde mundikalipire kusiyana n'kuti mundikhululukire msanga ndi mawu a pa foni. Ngati simukufuna kulankhula nane mwezi uno ndimvetsa, koma mundilembere ngakhale mzere umodzi kuti envulopu yafika. Ndiponso ngati tsiku lina mtima udzalola, mulembe mawu awiri oti ndikamupatse mtsikana uja. Ine akandiona amaona chitseko. Mwina kwa inu angamve kuti banja la mayi aja silikumuda.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwathokoze chifukwa cha maluwa. Ana muwapsompsone, ndipo wamkuluyo mumuuze kuti makalata ake onse agogo ake anawasunga motsatira madeti, atamanga ndi labala monga ankachitira kuntchito, ndidzamutumizira. Mlamu wanu akupereka moni, akuti mkono unachira. Aneba a mazira amafunsa za inu nthawi zonse ndikapita, amakutchulanibe kuti kamnyamata kothyola mpanda. Juzi munatumiza lija amayi analivala masiku onse ozizira, ndipo likadali ndi fungo lawo. Sindinalichape. Ndikusungirani.

Nyumba ndimapitako Loweruka monga kale, koma tsopano ndimapita chimanjamanja. Chithunzi sindinachibwezere. Pakhoma pali msomali, m'dilowa muli mankhwala a mitundu iwiri, tsamba loyamba lija lili m'chikwama mwanga losachonga. Kwatsala inu ndi ine, achimwene.

Ndine mlongo wanu.